Miyendo ya Makina a Bambo

Makina osemera a bambo anafika pa wilibala ya Lunguzi,
atakulungidwa m'chiguduli, akununkha girisi ndi dzimbiri,
miyezi isanu chichitikireni maliro.
Benchi lake linatsala ku Kawale.
Chiswe chinali chitatenga kale gawo lake
pa chuma cha masiye.

Ndinayamba ndawakhazika pa tebulo lodyera.
Nditangoyatsa, tebulo linayamba kuvina,
kenaka linauyamba ulendo wa kukhomo
ngati mlendo amene Mchesi sunamukomere.
Mwendo wa mpando umene ndinkasema
unatuluka ndi mimba mbali imodzi.

A Nkhwazi owotcherera anasuzumira pampanda:
"Iwe Tisaiwale, gula zitsulo, mawa madzulo udzangonyamula."
Ndinathokoza.
Koma chitsulo chimalira,
chimakubwezera kunjenjemera konse m'zikhatho.
Mtengo umameza.

Kumsika wa matabwa ndinadutsa mlombwa osaupatsa moni,
mtengo wake ndimaudziwa.
Ndinagogoda bulugamu mmodzimmodzi ndi chala,
wauwisi amayankha ngati munthu wa chimfine,
wouma amati ngwe!
Mnyamata wogulitsa anafunsa ngati amuna anga andituma.
Ndinamuonetsa mfundo imene ankaibisa ndi phazi,
anatsitsa mtengo osayang'ana kumaso.

M'kope la bambo, pakati pa ngongole za anthu
amene mpaka lero sanabweze,
muli nambala yolembedwa ndi pensulo yobuntha:
kutalika kwa benchi.
Ndinadula miyendo inayi motsatira nambalayo,
ndinaiimika, ndinaima pambali pake,
mapewa anga anakwera okha kukafika m'makutu.
Bambo anali chimtunda cha munthu.
Ine ndinaphunzira ntchitoyi nditaponda pa kreti.

Tsiku lonse sindinagwire sowo.

M'mawa mwake ndinapinda mkono,
ndinayeza kuchokera pansi kufika pa chigongono changa,
ndinachotsa zala zinayi pa mwendo uliwonse.
Tizidutswa tinayi tinagwa pa simenti
timodzitimodzi, popanda wondikalipira.
Ndinatiika m'thumba la epuloni.

Magetsi anazima Lachiwiri lonse.
Mabowo ndinaboola pamanja, tchizulo ndi hamala,
mpaka matuza awiri anaphulika.
Miyendo ndinaitangadza pang'ono
momwe amaimira munthu wokankha galimoto m'matope,
guluu, mabawuti asanu ndi atatu,
thabwa lopingasa kumbuyo kuti lisamapendame.
Pansi ndinakhoma bokosi,
Lunguzi anabweretsa mchenga wa mumtsinje wa Lilongwe,
ndowa zitatu, tinayanika kaye padzuwa,
tinathira, tinatseka.
Tinayesa kulinyamula awiri, linakana.
Dirowa ya matchizulo inandivuta,
mpaka pano imafuna kuinyengerera ndi bondo.

Koma simenti ya nyumba ya lendi ilibe chilungamo.
Mwendo wakumanzere kumbuyo unali m'malere,
benchi lonse likugwedeza mutu
ngati likukana mlandu.
Ndinapisa m'thumba.
Kachidutswa kamodzi ndinakapala, ndinakayesa, ndinakapalanso,
kanalowa pansi pa mwendowo, kuti tswii.
Zala zinayi zimene ndinachotsa kwa bambo,
chimodzi chabwerera kudzandichirikiza.

Magetsi anayaka cha m'ma teni usiku,
ana a pamzere wonse anakuwa.
Ndinaika kapu ya madzi pamwamba pa benchi,
ndinamanga chipika cha mbawa, ndinayatsa.
Madzi anachita timakwinya tating'ono
ngati nkhope ya munthu amene akufuna kuseka
koma akudikira kaye aone.
Sanatayike.

Utuchi wofiira unandigwera m'tsitsi, m'khosi,
mtengo unazungulira mpaka ngodya zake zinaiwalika,
mapewa anga ali pansi, pamalo pake.

Tizidutswa titatu totsala tili m'dirowa.
Mwana wa mchemwali wanga, Ndaziona,
wayamba kumaima pakhomo ndikamasema.
Dzulo ndamuona akusuzumira kuseri kwa nyumba
kumene ndinasiya kreti ija.